Mlendo ndi Mame: Kuonera Mbalame pa Nyika Mvula Ikamayandikira

Nyika ndi phiri lotambalala pamwamba limene lili kumpoto kwa Malawi, m'maboma a Rumphi, Chitipa ndi Karonga, ndipo kachigawo kake kakumadzulo kanalowerera m'dziko la Zambia. Mbali yaikulu ya pamwamba pake ndi yokwera mamita opitirira 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga yake yaitali, Nganda, imapitirira mamita 2,600. Wofika pamwambapo sapeza matanthwe osongoka a mtundu wa ku Mulanje. Amapeza zitunda za udzu waufupi zotsatizana mpaka kumene maso alekezera, madambo m'zigwa, ndi timagulu ta nkhalango yowirira tobisala m'makwawa. Boma linakhazikitsa paki pamalopa mu 1965, paki yoyamba m'Malawi, ndipo mu 1978 linaikuza mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000. Pa mitundu ya mbalame pafupifupi 650 imene inalembedwapo m'dziko lonse, yoposa 400 inaonekapo m'paki imeneyi. N'chifukwa chake okonza maulendo oonera mbalame sasiya Nyika pa ndandanda yawo, makamaka kuyambira Seputembala mpaka Disembala, pamene chisanu chatha, zomera zikuphukira, ndipo mvula ili pafupi kapena yangoyamba kumene.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu amauza mwini nyumba amene wayamba kuwerengera nsima imene mlendo akudya, pomukumbutsa kuti wobwerayo mawa anyamuka, ndipo chotsala pakhomo ndi mbiri ya mmene anamulandirira. Pa Nyika m'miyezi imeneyi pafupifupi chilichonse chimene anthu amakwerera phiri kukachiona n'chongodutsa. Maluwa otuluka pa lupsa amakhala masabata owerengeka. Nthenga zokongola za mbalame zazimuna zimathothoka nyengo yoswana ikatha. Mbalame zochokera kutali zili ndi mwezi wake wofikira ndi mwezi wake wonyamukira, ndipo anthu obwera ndi magalasi oonera patali kawirikawiri sapyola masiku atatu kapena anayi. Ntchito yonse ya maulendowa ndi kukumanitsa alendo a mapiko ndi alendo a miyendo aliyense asananyamuke.

Chifukwa chosankhira nyengoyi chili m'kayendedwe ka chaka paphiripo. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, mpaka madzi a m'madambo nthawi zina amagwira chisanu choyera mbee m'mamawa, ndipo mbalame zambiri zimakhala chete. Kukayamba kufunda, malo amene anapsa amatulutsa msipu ndi maluwa mvula isanagwe n'komwe, chifukwa zomerazo zimadalira chakudya chimene zinasunga m'mizu. M'munsi mwa phiri mitengo ya mombo ndi tsamba imavala masamba anthete ofiira psuu, amene pambuyo pake amasanduka obiriwira. Tizilombo timachuluka, ndipo tizilombo tikachuluka mbalame zimayamba kuimba, kumanga zisa ndi kulimbirana malo. Mbalame yoimba ndiyo yosavuta kupeza. Novembala ndiye mwezi umene zambiri zimakumanirana: za kwawo konkuno zili pa mazira, za kutali zafika, koma msewu sunafike poterera mpaka kukanika.

Msewuwo umachokera ku Rumphi kudzera ku Bolero mpaka pachipata cha Thazima, n'kupitirira kukwera mpaka ku Chelinda, pakati pa phiri, pamene pali malo ogona alendo ndi kabwalo ka ndege zing'onozing'ono. Ulendo wonse umapitirira makilomita 100, ndipo mbali yokwera phiri ndi ya fumbi ndi miyala. Odziwa sathamangira pamwamba. Amaimitsa galimoto m'nkhalango ya mombo cha ku Thazima, poti m'menemo muli mbalame zimene pamwamba paja kulibe. Nkhalango ya mtunduwu ili ndi khalidwe lotopetsa osazolowera. Munthu akhoza kuyenda ola lathunthu kuli zii, osamva ngakhale kamodzi kukupiza kwa phiko. Kenako nthengu imalira chapatali, gogomole akuyankha ndi mlomo pa thunthu louma, ndipo posakhalitsa mitengo itatu kapena inayi yadzaza ndi timbalame ta mitundu khumi ndi kuposerapo, tina tofufuza pansi pa masamba, tina totsetsereka pa makungwa, tina towakha tizilombo tothawa anzawo. Gululo limayenda pamodzi ndipo silidikira munthu. Mphindi khumi zikatha lapita, nkhalango yabwerera mwakale, ndipo amene anali kufunafuna buku m'chikwama watsala ndi nkhani za anzake.

Pamwamba pa phiri tsiku limayamba kusanache, anthu atavala majuzi ngakhale kumunsi kunyanja kukutentha moti tulo osabwera. Pa udzu wotseguka maso ndiwo amagwira ntchito. Mbalame yaikulu imene mabuku amaitcha Denham's bustard imayenda pang'onopang'ono pakati pa mbidzi ndi chilembwe, ndipo yaimuna ikafuna kukopa yaikazi imaima pa chitunda n'kufufumitsa khosi mpaka kuyera koonekera patali kwambiri. Nkhwali za mapiko ofiirira zimatuluka m'mbali mwa msewu dzuwa likamatuluka. M'madambo muli timba wa mitundu ingapo, wofanana kwambiri maonekedwe moti wosiyanitsa wake ndi kulira kokha. Kumtunda cha ku Nganda, pa zitsamba za maluwa a protea, kuli songwe wobiriwira monyezimira, wa mchira wautali ndi tinthenga tofiira m'mbali mwa chifuwa, amene sakhala m'malo otsika. Usiku galimoto ikamabwerera ku Chelinda, maso a lumbe amawala mumsewu, ndipo mwayi ukakhalapo kambuku naye amadutsa.

M'timagulu ta nkhalango muja, monga Zovo-Chipolo ndi Chowo ya mbali ya ku Zambia, zinthu zimatembenuka. Mumakhala mdima ndi chinyontho, mitengo yavala ndere, ndipo mbalame zambiri zimamveka osaoneka. Apa ndi pamene pamagwira mawu aja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbalame yotchedwa bar-tailed trogon, ya msana wobiriwira ndi mimba yofiira, imatha kukhala pa nthambi mamita ochepa kuchokera pamene munthu waima, osagwedezeka, itafulatira, ndipo gulu lonse n'kuidutsa. Imaululika ikangotembenuza mutu. Pansi, pamene linthumbwi latuluka kukasaka, pamakhala phwando la mtundu wina: tizilombo tothawa linthumbwilo timalumpha m'masamba ouma, ndipo mbalame ya chifuwa choyera yotchedwa white-chested alethe, imene masiku ena onse imabisala, imatera pa kanthambi kotsika n'kumatola othawawo limodzi ndi mbalame zina za pansi. Woonera amayenera kuima phee pamalo amodzi, koma atayang'ana kaye pamene waponda, chifukwa linthumbwi silisankha mwendo wa mlendo kapena wa mwini dziko.

Wotsogolera alendo ndiye mutu wa zonsezi. Iye amamva kulira kumodzi n'kudziwa mtundu wa mbalame, msinkhu wa nthambi imene yakhalapo, ndi mbali imene itulukire. Nzeru yotere siyambira m'buku. M'midzi ya ku Malawi mnyamata amadziwa mbalame kudzera pa legeni, ulimbo ndi misampha: amadziwa mtengo umene pumbwa amadya, nthawi imene njiwa zimatsikira kumadzi, ndi pamene zinziri zimagona. Ena amaona ngati mbiri yotere n'njochititsa manyazi kwa munthu wogwira ntchito yoteteza zachilengedwe, koma kunena zoona khutu lophunzitsidwa ndi njala limaposa lophunzitsidwa ndi foni. Chimene chimasintha n'chakuti mbalame imene kale ikanalowa mumphika kamodzi tsopano imabweretsa malipiro chaka ndi chaka ili yamoyo. Foniyo nayo ili ndi vuto lake. Alendo ena amaliza mawu a mbalame ojambulidwa kuti yobisala ituluke, ndipo imatulukadi, poganiza kuti mnzake walowa m'dera lake. Zikachitika kamodzi palibe chovuta kwenikweni. Zikachitika mobwerezabwereza pa kankhalango komweko, mbalameyo imasiya chisa ndi kudya n'kumathamangitsana ndi mdani amene kulibe. Wotsogolera wabwino amadziwa polekezera, ngakhale mlendo wolipira atakwinya nkhope.

Mbalame imene imakokera anthu ambiri ku Nyika m'nyengoyi ndi namzeze wabuluu. Thupi lake lonse ndi labuluu woderako wonyezimira, moti patali amaoneka wakuda, ndipo wamwamuna ali ndi nthenga ziwiri zazitali zoonda kumchira. Amafika cha mu Seputembala ndi Okutobala kuchokera ku madera ozungulira nyanja ya Victoria, ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, ndipo amabwerera cha mu Epulo. Samanga pa khonde la nyumba monga anamzeze ena. Amafuna dzenje: una wakale wa nengo, nyama ija yokumba usiku pofuna chiswe, kapena pamene nthaka inagumukira mkati, kapena phanga la m'gombe la kamtsinje. M'kati mwa dzenjelo amamata chisa cha dothi losakaniza ndi udzu, n'kuyalamo udzu wofewa ndi nthenga, ndipo wamkazi amaikira mazira awiri kapena atatu. Amasaka akuuluka chapansipansi pa udzu ndi pa dambo, ngakhale m'nkhungu, poti nthenga zake sizilowa madzi msanga. Mbalameyi ili pa mndandanda wa IUCN wa zamoyo zimene zili pa chiopsezo, ndipo Nyika ndi amodzi mwa malo ake aakulu oswanirako pa dziko lonse. Ofufuza anayerekezapo kuti pamaswana mabanja pafupifupi 300. Imaswananso ku Nyanga m'Zimbabwe, ku mapiri a kumwera kwa Tanzania, ndi m'malo ochepa a ku South Africa kumene yatsala pang'ono kutha.

Namzezeyu amasokoneza mwambi uja wa mlendo ndi mame. Amabwera ndi kupita, ndipo pa chifukwa chimenecho anthu amamuwerengera pa alendo. Koma anabadwira pa Nyika, m'dzenje la pa Nyika, ndipo amabwera kudzaswa ana ake pomwepo. Kumene amakachita ulendo ndi ku Uganda kuja. Munthu wokagwira ntchito ku Johannesburg n'kumabwera kumudzi nyengo ya dzinja satchedwa mlendo pakhomo pa mayi ake, ndipo akapeza nyumba yagwa sakhala ndi kwina koti n'kulowera. Umu ndi mmene zilili ndi mbalameyi. Mlendo weniweni akapanda kulandiridwa bwino amapita pakhomo lina, koma namzeze wabuluu akapeza udzu wake wabzalidwa paini kapena bulugamu, chaka chimenecho saswa. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe chimene chinamuchepetsa kwambiri ndi chomwechi: udzu wa m'mapiri unaoneka ngati malo ongokhala, ndipo unasandutsidwa minda ya mitengo ya matabwa.

Alendo enieni ndi amene amaswana kumpoto kwa dziko lapansi n'kumathawa chisanu cha kumeneko. Namzeze wa ku Ulaya, wa pakhosi pofiira, amadzaza mlengalenga kuyambira Okutobala. Kabawi wotuwa wotchedwa pallid harrier, woswana m'zidikha za ku Russia ndi Kazakhstan, amayandama chapansi pa zitunda kufunafuna mbewa ndi timbalame. Kambalame kotchedwa willow warbler, kolemera magalamu osapitirira 10 kawirikawiri, pafupifupi bokosi la machesi, kamadumpha chipululu cha Sahara kapena maiko ouma a kum'mawa kwake n'kudzapezeka m'mphepete mwa nkhalango za pa Nyika kakutola tizilombo. Kabawi wamng'ono wa ku Amur, kum'mawa kwa Asia, amadzera ku India n'kuoloka nyanja yamchere ya Indian osatera, ndipo amafika kumwera kwa Africa chaka chikamatha. Onsewa samanga chisa kuno. Amadya, amasintha nthenga, amanenepa, ndipo Malichi ndi Epulo akafika amanyamuka. Chodabwitsa n'chakuti alendo ambiri a miyendo amachokera ku maiko omwewo, ndipo ena amalipira ndalama zambiri kudzapeza pa Nyika kambalame kamene miyezi ingapo yapitayo kanali kuimba kuseri kwa nyumba yawo.

Palinso ulendo wina waufupi, wosatuluka m'dziko. Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, amene anatulutsa buku la The Birds of Malawi mu 2006, anakhala pa Nyika zaka zingapo kuyambira mu 1979 akuveka mbalame za m'nkhalango timphete kumiyendo kuti azizizindikira imodziimodzi. Mwa zimene anapeza, china n'cha kambalame ka mimba yachikasu ndi kadontho koyera pakhosi kotchedwa white-starred robin. Kuswana kukatha, zazikazi ndi ana zimatsika phiri kukakhala kumalo ofunda, pamene zazimuna zazikulu zimatsala pamwamba kupirira chisanu, kusunga dera lawo. Kukafunda zazikazi zimakweranso. Izi zikutanthauza kuti mpanda wa paki sukwanira kuteteza kambalameka: nkhalango za m'mbali mwa mitsinje kumunsi, zimene zili m'manja mwa mafumu ndi eni minda, nazo ndi mbali ya moyo wake.

Funso la mlendo ndi mwini malo limafika polemera likakhudza anthu. Nyika sinali yopanda anthu. M'mapanga ake, monga la Fingira, munapezeka zizindikiro za anthu akalekale, m'zitunda zake muli zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndipo kanyanja ka Kaulime kanali malo olemekezeka kwa anthu ozungulira. Pamene paki inakuzidwa mu 1978, anthu masauzande angapo, ambiri a iwo Aphoka, anasamutsidwa m'midzi yawo ya m'mbali mwa phiri n'kukakhala kunja kwa malire, ena kumalo otentha kumene matupi awo sanazolowere malungo. Ana ndi zidzukulu zawo lero amalowa ndi chilolezo pamalo pamene pali manda a makolo awo, pamene wochokera ku London amalandiridwa pachipata ndi kumwetulira. Wofuna kumvetsa chifukwa chimene moto umabuka m'paki, misampha ya waya imapezeka m'madambo, ndiponso ubale wa agemu ndi midzi umavuta nthawi zina, ayambire pamenepa. Pali njira zimene zinayesedwa zochepetsera mkwiyowu. Magulu a alimi a njuchi amaloledwa kupachika ming'oma m'mbali zina za paki, ndipo bungwe la Nyika Vwaza Association limaimira midzi yozungulira pa nkhani ya gawo la ndalama zimene paki imapeza. Komabe umphawi umakoka mwamphamvu. Pa Nyika pali mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ndipo mizu ya ina mwa iyo imakumbidwa mobisa n'kugulitsidwa kwa opanga chikanda, makamaka ku Zambia.

Moto si mdani nthawi zonse. Udzu wa pa Nyika unazolowerana nawo, ndipo ukapsa umatulutsa msipu ndi maluwa zimene zimaitana tizilombo ndi mbalame. Woopsa ndi moto wochedwa wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa ndipo mphepo ikuwomba, umene umadya m'mphepete mwa timagulu ta nkhalango chaka ndi chaka mpaka kutitha, n'kupsereza mazira a mbalame zoikira pansi. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo ogwira ntchito m'paki amatsata nzeru yomweyo: mvula ikangotha amatentha mizere yotchingira moto ndi zigawo zina udzu ukadali ndi chinyontho, kuti moto wa m'chilimwe ukafika upeze podyera patatha. Mdani wina ndi wobzalidwa ndi manja. Paini wa pa Chelinda anadzalidwa m'zaka za m'ma 1950 poyesa ulimi wa mitengo, ndipo mbewu zake zimauluka n'kumera pa udzu. Palinso chitsamba chaminga cha zipatso zachikasu chochokera ku mapiri a Himalaya chimene chikufalikira. Awa ndi alendo amene sanakamuke, ndipo kuwazula ndi ntchito ya chaka chilichonse. Mu 2023 boma la Malawi linasainirana ndi bungwe la Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 woyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza, ndipo ntchito zoterezi ndi zina mwa zimene mgwirizanowo udzayesedwe nazo.

Zimene zingachitike malo akalekereredwa zinaoneka kale kumwera. Mbalame yotchedwa Thyolo alethe inatenga dzina ku phiri la Thyolo, koma nkhalango ya paphiripo inadulidwa n'kusanduka minda cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 2000. Oifuna lero amakaisaka m'tinkhalango totsala m'minda ya tiyi, m'makwawa a phiri la Mulanje, kapena kutsidya ku Mozambique, ku mapiri a Namuli ndi Mabu. Maulendo ambiri amene amakathera pa Nyika amayambira kumeneko ndi ku Zomba, kumene kuli kambalame ka pakhosi pachikasu kotchedwa yellow-throated apalis, kamene sikapezeka m'dziko lina lililonse kupatula Malawi.

Oonera mbalame ndi ochepa poyerekeza ndi opita kunyanja kapena okaona njovu ku Liwonde, ndipo ndalama zawo zambiri zimatsalira ku makampani a ndege ndi okonza maulendo. Zofika paphiri ndi za pachipata, za malo ogona, malipiro a otsogolera, ophika ndi oyendetsa galimoto, ndi za masamba, mazira ndi uchi zogulidwa m'midzi ya m'njira. Amasiyanso china chosaoneka ngati chuma: mndandanda wa zimene aona, tsiku lake ndi malo ake, umene ambiri masiku ano amaulowetsa pa intaneti kudzera pa eBird. Mindandanda yotere ikaunjikana zaka zambiri imasonyeza mbalame imene ikuchepa, monga wattled crane ya m'madambo, imene kale inkaswana pa Nyika mochulukirapo koma tsopano imaoneka mwa apo ndi apo.

Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya mvula yamphamvu ndi nkhungu. Maluwa a orchid amafika pachimake, ana a namzeze wabuluu amakhala akuuluka, koma msewu wochokera ku Thazima umafuna galimoto yamphamvu ndi dalaivala woudziwa, ndipo magulu a alendo amachepa. Mu Malichi ndi Epulo mbalame za ku Ulaya ndi Asia zimalowera kumpoto, anamzeze abuluu amatsatira kupita ku nyanja ya Victoria, ndipo timbalame tatikazi ta m'nkhalango timatsika phiri. Kuyambira Meyi ntchito ya agemu imasamukira pa mizere ya moto ndi kulondera misampha, kufikira chisanu chitadutsa.